Timadengu ta Ba Lazaro

Ba Lazaro tinawaika m'manda Loweruka lapitali, ndipo mwa onse amene anayankhula pamaliro palibe amene ananama. N'chimene chikundisowetsa mtendere. Ba Hedi, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yathu, anati malemuwa anaphunzitsa ana kudana ndi mapulasitiki, ndipo n'zoona. Mkulu wa mphakati wathu wa kutchalitchi anati sankajomba Misa ngakhale chifuwa chitawapana, n'zoonanso. Koma onse anachita kulumpha chaka chimodzi, chaka chija mvula inadula chimanga chikungomasula kumene. Ine amene ndikanachitchula ndinali kuseri kwa nyumba, ndikutsuka mbale. Zimene ndinalephera kunena pamsonkhano wa makolo chaka chimenecho ndinalepheranso kuzinena pamanda, ndiye ndazilemba pano. Mwa timadengu topanda kanthu timene Ba Lazaro anakana kutchula eni ake, kamodzi kanali ka mwana wanga, Esinati.

Koma ndiyambe ndi munthuyo. Anabadwira konkuno kufupi ndi Mpanshya, koma unyamata wawo wonse unathera ku Lusaka, akuthamanga kumbuyo kwa lole yotola zinyalala. Kumudzi anabwerako ndi zinthu ziwiri, chifuwa chosatha ndi chidani cha pulasitiki. Anali wamtali, woonda, wa mawu okanda pakhosi. Ndodo yawo inali ndi sipoko ya njinga yosongola kunsonga, ndipo ankayenda maso ali pansi, akubaya kapepala kalikonse ka pulasitiki n'kukaponya m'thumba lomwe linali paphewa. Minibasi ikadutsa wina n'kutaya botolo pawindo, iwo ankaima pakati pa fumbi n'kuitukwana mpaka itazimiririka. Ankakonda kunena za phiri la zinyalala la ku Lusaka lomwe limafuka utsi ngakhale nthawi ya dzinja, n'kumati pa zaka zonse zimene anagwira ntchito ija anaona nsapato zikuola, matiresi akuola, ngakhale chitsulo chikudyeka, koma pulasitiki sanaionepo ikuola.

Asakunamizeni munthu kuti anali wofatsa. Mbuzi ya mnansi wathu itafa yotupa mimba, iwo anaitumbula dala m'mbali mwa njira ya kusukulu nthawi yoweruka. Anaitana ana onse kuti aone mtolo wa mapulasitiki umene unatuluka m'chifu, wopotana ngati chingwe. Ena analira, wina anasanza. Makolo tinakwiya, koma iwo anangoti mwana amene waona zimenezi sadzatayanso pepala pansi, ndipo nkhani yatha.

Timadengu tinayamba pambuyo pa mbuzi ija. Ana athu ankanyamula chakudya cha pa buleki m'timapepala ta pulasitiki toonekera mkati, ndipo akadya ankangotisiya tikuuluka pabwalo. Ba Lazaro anapalasa njinga kupita cha ku Shikabeta, n'kubwerako patapita masiku awiri ndi mtolo wa mlaza. Anayamba kuluka timadengu ting'onoting'ono, ta chivindikiro chothina ndi chogwirira chokoleka paphewa. Kadengu kalikonse kanali ndi maluwa akeake, oti mwana sangasokoneze ndi ka mnzake. Ka Esinati kanali ndi mizere iwiri yakuda ndi kamtanda pachivindikiro. Ndalama sankalandira. Mwana wofuna kadengu ankayenera kubweretsa thumba lodzaza ndi mapulasitiki otola yekha, ndipo iwo ankawapota kukhala zingwe zomangira mbuzi ndi mipira ya anyamata. Kuotcha ankakana, ankati utsi umenewo ndi umene unawadyera chifuwa.

Sanalekere pomwepo. Ife azimayi anatiphunzitsa kuwamba tsamba la nthochi pamakala kuti lifewe, lisang'ambike pokulunga mbatata. Iwo anali ndi kakulungidwe kawo: kupinda katatu, kenako kumanga ndi luzi la nthochi, mfundo ya khutu limodzi yoti mwana angokoka kamodzi n'kumasuka. Ine ndinayesa kangapo koma mfundo imeneyo inandikanika. Mabuku a ana ankawakutira ndi mapepala a matumba a simenti. Pensulo ikafupika ankaisomeka m'bango kuti igwirike mpaka kutha. Mwana akabwera ndi botolo la pulasitiki ankamusinthanitsa ndi kachipanda ka chitsekero cha chitsononkho, akung'ung'udza kuti amake ali ndi manja awiri koma sadziwa ntchito yake.

Nyumba yawo ili m'mbali mwenimweni mwa njira, pang'ono chabe usanafike pasukulu. M'kalasi nyerere zinkalowa m'zakudya, ndipo ana akuluakulu ankalanda za ang'onoang'ono. Choncho Ba Lazaro anamanga khumbi la udzu kutsogolo kwa nyumba, n'kukhoma misomali m'mitanda yake. M'mawa mwana aliyense ankakoleka kadengu kake pamsomali wake, belu la buleki likalira n'kuthamangira kukatenga. Ankadyera pomwepo. Makoko ndi masamba ankaponya m'dzenje kuseri, ndipo zikaola iwo ankakathira kudimba kwawo kumtsinje, kumene ankalima mbatata, chinangwa ndi nthochi. Ankanyadira kuti m'khumbi mwawo palibe chotayika, ngakhale khoko la nthochi limabwerera kudimba kukabala nthochi ina.

Amene sankagwirizana nawo kuyambira pachiyambi anali Amake Junior, mayi wa kantemba, kasitolo kaja ka pamphambano. Theka la zimene ankagulitsa zinali za ana asukulu, maswiti, madzi ozizira a m'timachubu, ndi timapaketi ta zofufuma tija ana amati mapafu. Ba Lazaro ankapita kukabaya mapepala pakhomo penipeni pa kantembayo, makasitomala akuona.

"Ba Lazaro, pano ni pa bizinesi," anatero mayiyo tsiku lina ine ndikugula mchere. "Muzanithamangisila makasitoma na ka ndodo kanu."

"Nikusesela mahala, mwana wanga. Unene chabe zikomo."

"Nanga nine ninapanga mapulasitiki?"

"Iyayi. Iwe umagulisa chabe. Mbuzi ndiye zimamaliza."

Anthu anaseka, mayiyo sanaseke. Komabe Junior anali ndi kadengu ngati anzake, chifukwa analilira mpaka amake anagonja.

Kenako chinafika chaka chija. Chimanga chinauma chili chiimire. Bambo a Esinati anapita ku Lusaka kukafuna ganyu, foni yawo n'kusiya kupezeka. Pofika miyezi yozizira, pakhomo pathu tinkadya kamodzi patsiku, madzulo. Esinati anali giredi 2. M'mawa wina ndinatsegula kadengu kake n'kuona kuti ndilibe choikamo, ngakhale mtedza wodzaza dzanja. Ndikanatha kumuuza zoona. M'malo mwake ndinatenga masamba a nthochi, ndinawapindapinda kuti aoneke ngati phukusi, n'kutseka chivindikiro mwamphamvu. Ndinamuuza kuti asatsegule mpaka buleki, nyerere zingalowe. Ndinkangofuna kuti akalire ali kutali ndi ine. M'mawa wonsewo ndinkalima makutu ali kusukulu, ndipo belu litalira ndinaika khasu pansi.

Masana anabwera akudumphadumpha.

"Zikomo amama. Kandolo inali yonzuna."

Mbatata yotsekemera imene ankanenayo ine sindinaidziwe. Atalowa m'nyumba ndinatsegula kadengu. Masamba anga anali momwemo, ndipo pambali pake panali kaluzi kamene kanali kasanataye mapindidwe a mfundo ya khutu limodzi. Ndinadziwa pomwepo mwini wake. Ndinalandira zikomo amene sanali wanga, ndipo m'mawa mwake ndinapindanso masamba.

Tsiku lina ndinatsatira mwanayo chapatali, n'kubisala m'mapesi moyang'anana ndi khumbi. Ana atalowa m'kalasi, Ba Lazaro anatuluka ndi lichero la timaphukusi. Anayenda msomali ndi msomali, akunyamula kadengu kalikonse ndi chala chimodzi, n'kukasiya. Akapeza kopepuka ankaima. Ankatembenuza nkhope kuyang'ana kumsewu, n'kutsegula chivindikiro pang'ono, kulowetsa phukusi, kutseka. Mkati sankayang'anamo ngakhale pang'ono. Pa ka Esinati anachita chimodzimodzi, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti masamba anga a bodza aja sanawaone. Tsiku limenelo anaima pa misomali isanu ndi umodzi. Ndinabwerera kunyumba ndikulira, koma kupita kukawathokoza sindinapite. Tikakumana kutchalitchi ndinkawapatsa moni wa masiku onse, iwonso n'kuyankha mwa masiku onse, akundidzudzula kuti buku la mwana lang'ambika chikuto.

Kulakwitsa kwawo kunabwera ndi chala chomwecho. Tsiku lina Amake Junior anachedwa kudzuka, ndipo m'malo mwa zitumbuwa za masiku onse anaponya paketi ya mapafu m'kadengu ka mwana wawo. Mapafu alibe kulemera. Ba Lazaro ananyamula kadengu kaja, n'kumva kupepuka, n'kuganiza kuti njala yafikanso pa kantemba. Anayang'ana kumsewu monga mwa chizolowezi chawo, n'kulowetsamo chinangwa chootcha. Junior anadya zonse ziwiri. Patapita masiku awiri thupi linatentha, anayamba kubwebweta, akutchula ambuya a m'khumbi. Amake atamufunsa chimene anadya, anati chimene anapeza m'kadengu.

Kwathu kuno palibe chimene chimaopsa kholo kuposa kumva kuti wachikulire akudyetsa mwana wako mobisa. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti ufiti amaupatsira m'chakudya. Junior anapita naye kuchipatala cha mishoni, anamupeza ndi malungo, ndipo pomatha sabata anali akusewera mpira. Koma nkhani inali itayenda kale mudzi wonse, ndipo mankhwala a malungo sakanaibweza. Ba Hedi anaitanitsa msonkhano wa makolo.

Tinakhala m'kalasi ya giredi 7, akuluakulu titapanikizana m'madesiki a ana. Ba Lazaro anawaika pampando kutsogolo, ndodo anawalanda pakhomo. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi windo. Ba Lazaro anavomera msanga kuti inde, amaika chakudya m'timadengu, ndipo anayamba kalekale.

"Mwana wanga anali na njala?" anafunsa Amake Junior, ataimirira. "Ananipempha ndani? Ine nimamupasa vakudya va mu shopu!"

"Ndiye pamene ninalakwisa," anayankha. "Kanali kopepuka. Ninaganiza ati na kwanu kwavuta. Sininazibe kuti mwamuikila mphepo ya mu pulasitiki."

Wina anaseka kumbuyo, ndipo kuseka kumeneko kunaononga zonse. Mayiyo anachita manyazi pamaso pa anthu, manyaziwo n'kusanduka ukali. Bambo wina wa mpingo wa kuphiri anaimirira n'kunena kuti ana onse amene anadya za mkuluyu apite nawo kumapemphero akasanze, ndipo mpaka atasanza asakhale desiki imodzi ndi anzawo. Ambiri anavomereza. Ba Hedi anayesa kukumbutsa za zotsatira za kuchipatala, koma mawu awo anamira m'phokoso.

"Batchule maina!" anakuwa Amake Junior. "Ni bana bandani bamene bamadyesa?"

"Sinimayangana mukati," anatero Ba Lazaro.

"Boza! Ndimwe munaluka. Mumaziba kalikonse mwine wake."

Zinali zoona, ndipo tonse tinkadziwa. Munthu amene analuka mizere iwiri yakuda ndi kamtanda sakanaiwala kuti analukira ndani. M'maganizo mwanga ndinaona Esinati wanga atakhala yekha pakona, anzake akumuthawa, akumutchula kamfiti. Ndinamuona atagwada kuphiri, anthu akumukakamiza kusanza mbatata imene inamusunga. Ndinamuonanso akundifunsa kuti nanga amama, inu munkaikamo chiyani. Ndinkadziwa kuti ndikangoimirira n'kunena kuti mwana wanga wadya za mkuluyu miyezi itatu ndipo sanadwalepo mutu, nkhani ikhoza kutembenuka. Koma sindinaimirire. Ndinapemphera pemphero loipa kwambiri pa moyo wanga, loti mkulu uja akhale chete, zimugwere yekha.

Ba Lazaro anayang'ana makolo mmodzimmodzi, kuyambira kutsogolo. Maso awo atafika pa ine sanaime, anangodutsa monga anadutsira pa ena onse. Ndi pamene ndinaona kuti sindinali ndekha wowerama. Azimayi ena anayi kapena asanu anali akuyang'ana pansi ngati ine.

"Ba Hedi," anatero potsiriza, atatsokomola nthawi yaitali, "maina niyaziba. Sinizakamba. Ngati mufuna mfiti, ndine nili pano. Bana basiyeni."

Anawakakamiza mpaka dzuwa linapendeka. Wina anawaopseza kuti awathamangitsa m'mudzi, wina anatchula moto. Iwo anangopempha ndodo yawo. Chigamulo chinali chakuti kuyambira tsiku limenelo mwana aliyense asakolekenso kadengu m'khumbi muja.

Zotsatira zake ndimachita nazo manyazi kuzikumbuka. Makolo ena anaotcha timadengu. Mapulasitiki anabwerera pabwalo la sukulu, oonekera mkati, ndipo tsopano aliyense ankaona amene wanyamula ndi amene sananyamule. Ana awiri a m'kalasi mwa Esinati anasiya sukulu teremu yomweyo. Ana ankadutsa pakhumbi pothamanga, atagwira mpweya. Kutchalitchi benchi ya Ba Lazaro inkakhala ndi mpata mbali zonse ziwiri, ndipo pa nthawi yopatsana mtendere ankatambasula dzanja n'kulibweza lokha. Inenso ndinayamba kuwapatsa moni ndili patali. Ndinkaopa kuti ndikayandikira anthu awerenga pankhope panga. Usiku ndi usana ndinkadikira kuti mwina atopa, atchula dzina limodzi kuti apume. Iwo ankangoyenda ndi ndodo yawo, akubaya mapepala amene tsopano anachuluka kuposa kale.

Kukangana nawo maso ndi maso ndinakangana nawo kamodzi kokha, ndipo inali nkhani ya chogwirira. Patapita masabata awiri chichitikire msonkhano, anandiimitsa pa mjigo anthu ali pomwepo.

"Amake Esinati, ka basiketi ka mwana chogwilila chasila. Muzamutaisa vakudya mu njila. Akabwelese nikonze."

Kukonzetsa sikunaletsedwe, choncho ndinamutuma mwanayo kuti akasiye m'mawa n'kukatenga pa buleki. Patapita masiku awiri chogwirira chinadukanso. Anakonza. Chinadukanso. Sabata yachitatu ndinapsa mtima, chifukwa ndinkaopa kuti anthu ayamba kuona mwana wanga akulowalowa pakhomo paja. Ndinapita ndekha.

"Ba Lazaro, manje ni kukonza kwa bwanji uku? Chikungoduka lyonse."

"Manja yakalamba, mayo," anatero, osandiyang'ana, akupitiriza kupota chingwe. "Mlaza nawo wa masiku yano ni wofooka. Chikaduka futi, abwelese chabe."

Pambali pawo panali chingwe cha mbuzi chimene anapota ndi manja omwewo, cholimba choti n'kumangira ng'ombe. Ndinayang'ana chingwecho, n'kuyang'ana chogwirira chomangidwa ndi kaluzi kamodzi kowonda, ndipo ndinamvetsa kuti ankachimanga mofooka dala, kadengu kazibwerera kwa iwo aziikamo chakudya. Pamenepo panalibe munthu wina, tinali awiriwiri, ndipo ndikanatha kugwada n'kunena mawu amodzi okha. Ndinangoti chabwino, n'kutembenuka. Chogwirira chija chinapitiriza kuduka kawiri kapena katatu pa sabata mpaka tinakolola chaka chotsatira, kenako anachimanga kamodzi ndipo mpaka lero sichinadukenso. Ndamva posachedwa kuti panali timadengu tina tinayi ta zogwirira zovuta chimodzimodzi.

Anthu amaiwala msanga akakhuta. Zokolola zitabwera, nkhani ya ufiti inazilala yokha. Panalibe amene anapepesa, panalibenso amene anabweza chigamulo chija. Aphunzitsi atsopano atayambitsa kalabu ya zachilengedwe anapita kukawapempha kuti aphunzitse ana kuluka, ndipo iwo anavomera, ngakhale ankatha theka la nthawi akukalipira ana kuti zala zawo zazolowera foni. Koma m'khumbi munalibe kadengu. Misomali sanazule. Chaka chilichonse ankaipaka mafuta a njinga kuti isachite dzimbiri, ndipo wina akawafunsa ankati msomali sudya kanthu, ungokhala. Chifuwa chinawagoneka mwezi wathawu. Ndinapita kukawaona kuchipatala kamodzi, m'gulu la azimayi a mphakati, ndipo ndinaimba nawo nyimbo ndili kumapazi a bedi. Pamaliro Amake Junior ndi amene anabweretsa shuga ndi mafuta ophikira, ndipo analira kwambiri. Sindikuwaweruza. Iwo anayankhula zimene ankaopa, ine ndinabisa zimene ndinkadziwa.

Tikuchokera kumanda, Esinati ankayenda pambali panga. Tsopano ndi wamkulu, amandifika paphewa. Ndinali nditatsimikiza kuti ndimuuza, ndipo ndinayamba mozungulira, kumufunsa ngati akukumbuka mbatata za chaka cha njala.

"Za ambuya?" anatero.

Ndinaima panjira.

"Ninali kuziba, amama. Kuseni kanali kopepuka, pa buleki kalema. Na mfundo ija imwe simuikwanisa."

"Nanga bwanji unali kunena zikomo kuli ine?"

"Ambuya ananiuza. Anati ukafika ku nyumba uziyamikila amako, ndiye bamene bakutuma ku sukulu."

Zaka zonsezi ndinasiya munthu wosalakwa atasenza dzina la mfiti pofuna kubisira mwana chinthu chimene mwanayo ankachidziwa kuyambira tsiku loyamba. Mwanayo anandigwira dzanja, tinayenda mpaka kunyumba.

Chaka chino mvula yayambanso kuchita zake zija. Chimanga cha kumtunda chapota masamba, ndipo pa mjigo azimayi ayamba kuyankhula motsitsa mawu. Ine ndili ndi kadimba tsopano, mbewu ya mbatata ndinatenga kwa Ba Lazaro omwewo. Sindigona bwino. Ndimaganiza za m'mawa umene mayi wina adzatsegule kadengu n'kupeza kuti alibe choikamo.

Lachitatu ndinadzera pakhumbi ana atalowa m'kalasi. Udzu wa padenga wayamba kugwa mbali ya kumsewu. Pamene pankakhala mpando wawo patsala timaenje titatu m'dothi, ndipo ndodo ya sipoko wina anaitsamiritsa pamzati. Dzenje la makoko lauma. Mphepo yaunjika mapulasitiki pakhomo pa nyumba, zimene mwini wake sakanalola ngakhale ola limodzi. Misomali ili m'mizere yake, yonyezimira mafuta. Pa itatu panali timadengu. Palibe amene anawauza ana amenewo kuti chigamulo chatha, angoyamba okha chimwalirire mkuluyo.

Ndinayang'ana kumsewu, ndinayang'ana kusukulu. Kenako ndinanyamula koyamba ndi chala chimodzi, kanali kolemera. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu kanakwera ngati mulibe kanthu. Maluwa ake sindikuwadziwa, ndipo sindingadziwe ngati muli mapafu kapena masamba opinda. M'chitenje ndinali ndi mbatata yootcha, yokulunga m'tsamba, yomanga ndi mfundo yanga yosaoneka bwino ija. Ndinatembenuza nkhope, ndinatsegula pang'ono, ndinalowetsa, n'kutseka.

Potuluka ndinaona mayi wina ataima panjira ndi ndowa pamutu, akundiyang'ana. Sanandipatse moni. Kuyambira tsiku limenelo mwana aliyense wovala yunifolomu akalowera njira ya kwathu ndimaganiza kuti wabweretsa kalata yondiitana kumsonkhano. Akandiitana ndipita, ndipo dzina loyamba limene ndidzatchule ndi langa. Dzulo ndinadzeranso pomwepo. Mpando palibe, chifuwa chija sichikumveka, ndipo pamisomali panali timadengu tisanu.